Internship ku Nyumba ya Malamulo ya Indiana: ndifunsire kapena ndizisiye?

Moni nonse akuluakulu. A admin, chonde mundibisire dzina.

Ndili chaka chachitatu pa yunivesite ina ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, pa viza ya ophunzira ya F-1. Aphunzitsi anga akundikakamiza kuti ndifunsire internship ku Statehouse (Nyumba ya Malamulo ya Indiana) ku Indianapolis, nthawi imene aphungu amakumana kuyambira Januwale. Ndi yolipidwa, ya tsiku lonse. Ine ndikufuna chaka chimene aphungu amakonza bajeti, chifukwa amakhala mpaka kumapeto kwa Epulo, pomwe zaka zinazo amatseka pakati pa Malichi.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti sufunsira ku Nyumba yonse ayi, umasankha chipani. Ma Republican amalemba awoawo ku House ndi ku Senate (mbali ziwiri za Nyumbayi), ma Democrat chimodzimodzi. Ine ndine mlendo, sindivota n'komwe. Kwathu mukudziwa, ukangooneka kamodzi utavala nsalu ya chipani, basi, anthu saiwala. Kodi kunonso dzinalo limakumamatira pa CV? Nanga pogona? Kuchokera kuno ndi ulendo wa maola oposa awiri, sindingamapite ndi kubwera.

Mayankho

Achimwene a ku Elkhart: Musanaganize za chipani, pitani kwa DSO wanu, mkulu woona za ophunzira ochokera kunja pa sukulu panu. Ntchito ya kunja kwa sukulu imafuna CPT, chilolezo chogwira ntchito yogwirizana ndi maphunziro anu, ndipo ilembedwe pa I-20, fomu ya sukulu yoyendera limodzi ndi viza yanu, musanayambe, osati mutayamba. Mufunsenso mmene semesitayo iwerengedwere, poti simukhala m'kalasi. CPT ya tsiku lonse ikakwana miyezi 12 mumataya OPT, chilolezo chogwira ntchito mukamaliza sukulu, koma miyezi inayi siyiluma.

Mayi wina wa ku Indy (Indianapolis): Mwanawe, ine ndinaigwirapo ku Senate. Usayembekezere kulemba malamulo. Masiku ambiri ukhala pa foni: wina akudandaula za msonkho wa nyumba, wina wakwiya ndi bilu (lamulo limene likukambidwa) imene sanaiwerenge, iwe n'kumangoti zikomo bwana, uthenga ndipereka. Kenako makalata, kenako kukakhala m'komiti kumalemba zimene anena. Mabilu ambiri amafera m'komiti momwemo, wapampando akangopanda kuwaika pa ndandanda, ndipo zimenezo m'kalasi sungazione. Epulo ndiye woopsa: House ndi Senate zikasiyana pa bajeti, kuweruka kwake n'kwa usiku. Gula nsapato zafulati, pansi paja m'polimba. Pogona ndilembere ku inbox.

Wina: Za chipanizo musazipepuse. Ma Republican ndi amene ali ndi mipando yambiri mbali zonse ziwiri, ndiye kumeneko mudzaona mabilu akudutsa, komanso mudzayankha mafoni pa nkhani zina zimene mwina mtima wanu sukugwirizana nazo. Mungapirire?

Mayi wina wa ku Indy: Zoona, koma pa CV amalemba kuti Indiana Senate. Ine palibe anandifunsapo za chipani. Bola asamaponye zandale pa Facebook.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Kwa DSO ndipita Lolemba. Amayi, accent yathuyi pa foni, anthu a kumidzi ya Indiana ankakumvani bwinobwino?