Matimati akufota m'mawa koma dothi n'lonyowa: tiwonjezere madzi?

Wa ku Ngwerere

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. M'dimba la matimati kuno kufupi ndi Lusaka, othirira ndi dripi (mapaipi odontheza madzi pamizu), mwezi uno wa July, masamba akumazyolika cha m'ma 10 koloko dzuwa likayamba kuwomba, chonsecho mukapisa chala dothi n'lonyowa ndithu. Pofika madzulo adzukanso. Masamba am'munsi ayamba kuchita pepo kunsi kwake. Timathirira 5 koloko mbandakucha kuchokera m'thanki yapamwamba. Tiwonjezere madzi kapena feteleza?

Bambo wa ku Chilanga

Achimwene, musawonjezere chilichonse musanayeze dothi. Zimene mwafotokozazi zikuloza ku mizu yozizidwa, osati ludzu.

Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa June ndi July umatsika pansi pa madigiri 10. Kumadambo kumazizira koposa. Dzuwa likatuluka, tsamba limafunda msanga n'kuyamba kutaya madzi, pomwe dothi la pamizu likadali lozizira, chifukwa nthaka yonyowa imachedwa kwambiri kufunda. Ndiye pamwamba madzi akutuluka mofulumira, pansi akulowa pang'onopang'ono. Mbewu ifota basi.

Chimachedwetsa madziwo n'chiyani? Madzi ozizira amalemera kuyenda, monga amachitira mafuta ophikira nthawi yachisanu: pa madigiri 10 kulemerako kumaposa kwa pa madigiri 25 ndi pafupifupi theka. Koma chachikulu chili mumuzu momwemo. Timabowo tolowetsa madzi m'maselo a muzu timatsekeka kukazizira, muzu umapuma mochedwa, ndipo timizu tatsopano tokhala ndi ubweya, timene timayamwa kwambiri, timaleka kuphuka. Matimati amakondwa dothi likakhala pakati pa madigiri 20 ndi 25. Likatsika pansi pa 15 ayamba kuvutika. Pepo mukumuonayo ndi chizindikiro cha kuperewera kwa fosiforasi, chimodzi mwa zakudya za mbewu: m'nthaka angakhalemo, makamaka ngati munathira feteleza wa Compound D pobzala, koma muzu wozizidwa sukumutenga. Kukafunda masamba atsopano atuluka obiriwira okha.

Pezani choyezera kutentha chokhala ndi chitsulo chachitali, muchizike masentimita 10 pafupi ndi tsinde. Muwerenge 7 koloko m'mawa ndi 15 koloko, masiku atatu otsatizana.

Amayi a ku Makeni

Bambo anena zoona, koma ndiwonjezeko pa kathiriridwe, pakuti 5 koloko ija ndi imene ikukupwetekani. Madzi ogona m'thanki usiku wonse amazizira, ndipo mukuwathira pa nthawi imene dothi lazizira kale kotheratu. Madzi a m'chitsime chakuya kuno amatuluka pa madigiri 20 kapena kuposerapo pang'ono chaka chonse. Ngati n'kotheka popani m'mawa womwewo, mutsegule dripi pakati pa 9 ndi 11 koloko. Madzulo ayi: bedi likagona lonyowa limachedwa kufunda m'mawa.

Chepetsaninso muyezo. Nyengo yozizira dimba limataya mamilimita 3 mpaka 4 patsiku, pomwe mu October limafika 6 kapena 7. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita. Amene akuthirira July ngati October amathamangitsa mpweya m'dothi, ndipo nthaka yozizira yodzaza madzi ndi kumene matenda owoletsa mizu amakonda. Kumbani masentimita 15, mufumbate dothi: likamatirira m'manja ndi kunyezimira, dumphani tsikulo.

Komanso tisathamangire kunena kuti n'chisanu chokha. Zulani mbewu imodzi yofooka. Mizu ikakhala ndi timfundo totupa, ndi nematodi, tinyongolotsi ting'onoting'ono toononga mizu. Dulani tsinde muviike m'tambula ya madzi oyera: mukaona tiulusi toyera tikutsika m'madzimo pakapita mphindi zochepa, ndi matenda a bakiteriya ofotetsa, ndipo mbewu zotere muzizule ndi kuzitaya kutali. Mizu yoyera yolimba, ndiye kuti ndi kuzizira.

Wa ku Ngwerere

Zikomo kwambiri Amayi ndi Bambo. Mabedi tinawaphimba ndi udzu wokhuthala kuti tisunge chinyezi. Tiusiye?

Mkulu wa ku Chongwe

Udzuwo uyenera kuti ukukulitsa vutoli. Anthu amaphimbira chaka chonse osasintha, ndipo ine sindigwirizana nazo. Udzu wokhuthala umatchinga dzuwa, dothi silifunda masana. Mu June ndi July ukankheni masentimita 15 mbali zonse za mzere kuti dzuwa lifike pamizu, kapena muupepule. Mabedi okwera masentimita 15 mpaka 20 amafunda msanga kusiyana ndi apansi, chifukwa amakhetsa madzi. Pulasitiki yakuda imakwezanso kutentha ndi madigiri angapo, kwa amene angakwanitse kugula.

Koma musautenthe udzuwo, muusunge. September akamatha nkhani imatembenuka. Dothi lopanda chophimba limapyola madigiri 35 pamwamba, timizu ta pamwambapo timapsa, ndipo madzi otentha amasunga mpweya wochepa: mamiligalamu 9 pa lita pa madigiri 20, koma 7.5 okha pa madigiri 30. Apo bwezerani udzu wa masentimita 5 mpaka 8, muphimbenso mapaipi akuda, popeza madzi otsalira m'menemo masana amatentha moti sungawagwire bwino. Nthawi imeneyo kuthirira mbandakucha n'koyenera. Mukatsegula masana, yambani mwamasula kumapeto kwa paipi madzi otenthawo atayike. Muzu ukamamwa modukizaduka chotere, kashiamu, chakudya china cha mbewu, safika m'chipatso, ndipo matimati amada kunsi, ku msika wa Soweto mu Lusaka n'kukanidwa.

Chaka chamawa, malo a kudambo amene amagwa chisanu muwasiyire repu, kabichi ndi anyezi, zomwe mizu yake imamwabe dothi litazizira. Matimati ndi nkhaka zipite kumtunda kumene dzuwa la m'mawa limafika msanga.