Kodi KDPI ndi EPTS zimalosera molondola za impso yoikidwa?

Chidwi: Akuluakulu, ndithandizeni. Ku America impso ya munthu womwalira amaipatsa nambala ya KDPI, wodwala woyembekezera impso amamupatsa ya EPTS. Kodi nambala ziwirizi zingatiuze zaka zimene impsoyo igwire ntchito?

Wa ku wodi ya impso: Zimathandiza kugawa impso, a Chidwi, koma si zoti n'kulumbirira pa munthu mmodzi. KDPI imawerengera msinkhu wa womwalirayo, kutalika, kulemera, BP, shuga, creatinine (muyeso wa m'magazi woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito), ngati anafa ndi sitiroko, komanso ngati impso anaichotsa mtima utaima kale. Nambala ikachepa, impso ndi yabwino. Ikakhala 85%, ndiye kuti ili ndi chiopsezo cholephera choposa impso 85 pa 100 za chaka chathacho. EPTS ili ndi zinayi zokha: msinkhu, shuga, zaka zimene munthu wakhala pa dialysis (makina osefa magazi), ndiponso ngati anaikidwapo chiwalo china. Kuyambira December 2014, impso za KDPI 20% kutsika pansi zimayamba kupita kwa a EPTS 20% kutsika pansi, kuti impso yolimba ipite kwa amene akhale nayo zaka zambiri.

Kufooka kwake n'koti c-statistic (muyeso wa kulondola kwa kulosera) ya KDPI ili cha pa 0.6. Mukaika impso ziwiri patebulo, nambalayi imalondola ka 6 pa 10 kuti iyambe kulephera ndi iti. Kungoponya khobidi m'mwamba mumalondola ka 5.

Mlangizi: Ndiwonjezere zimene nambalayi siiona. Siiona kugwirizana kwa HLA (zizindikiro za pa maselo zimene thupi limazindikirira chiwalo chachilendo), ma antibody (asilikali a m'magazi amene angalimbane ndi impsoyo) a wolandira, kapena maola amene impso yakhala mu ayezi. Maolawo akachuluka, impso imachedwa kudzuka, wodwala amabwerera pa dialysis sabata yoyamba, thumba la mkodzo lili lopanda kanthu. Siionanso ngati munthu azimwa tacrolimus (mankhwala oletsa thupi kukana impso) pa nthawi yake, pomwe impso zambiri zabwinobwino zimathera pamenepo.

Mu 2024 OPTN, bungwe loyendetsa kagawidwe ka ziwalo ku America, inachotsa mu KDPI mtundu wa munthu ndi hepatitis C (matenda a chiwindi). Impso za anthu akuda zinkaoneka zoipa papepala popanda chifukwa chokwanira, ndipo hepatitis C masiku ano imachizika ndi mapiritsi.

Wa ku wodi ya impso: Chimene chimandiwawa ine ndi impso za KDPI yopitirira 85%. Wodwala amayenera kuvomereza kaye kuti angalandire yotere, ndipo zoposa theka zimatayidwa chifukwa nambalayo imaopseza. Koma kwa gogo wa zaka 68 wa shuga, impso yogwira ntchito zaka 5 imaposa kudikira yabwino imene mwina sadzaiona.

Mlangizi: A Chidwi, ngati mukufunsira m'bale amene akupita ku India ndi wachibale womupatsa impso, KDPI musavutike nayo, ndi ya omwalira okha. Funsani za gulu la magazi, crossmatch (kuyeza ngati magazi a wodwala sangakane impsoyo) ndi GFR (mphamvu ya impso yosefa magazi) ya woperekayo.