Sitima zanga ziziyenda kumanzere kapena kumanja?

Moni nonse akuluakulu m'gulu muno. Ndagwira njakata, ndithandizeni.

Ndikuyala njanji ya tisitima tating'ono m'galaja kuno ku Rosettenville, ku Joni, pa thabwa la mamita 2.4 mulitali ndi 1.2 mulifupi. Ndi ya saizi yotchedwa HO, 1:87 (yochepa ka 87 poyerekeza ndi yeniyeni), njanji ziwiri zozungulira moyandikana, iliyonse ndi kontorola yake ya magetsi a DC yoyendetsera sitima. Chandivuta n'choti sitima ziziyenda mbali iti.

Kwathu ku Balaka njanji ndi imodzi basi, sitima zimadikirirana pa siteshoni, ndiye funsoli silinandibwererepo m'mutu. Loweruka ndinachita kukwera Gautrain, sitima yothamanga ya kuno ku Joni, mpaka ku Midrand maso ali pawindo: imatsata kumanzere, ngati magalimoto pamsewu. Koma injini yanga ndi ya kampani ya Piko, yotengera sitima za ku Germany, ndipo kumeneko zimayenda kumanja, masiginolo nawo amaima kumanja kwa njanji. Awiri ndinamata kale ndi guluu wolimba uja, kuwazula ndiye kung'amba udzu wochita kupanga womwe mwana wanga anatha Lamulungu lonse akuwaza.

Kushopu komwe ndinagula njanji anangoti, “Njanji ndi yanu bambo, yendetsani mmene mukufunira.” Zoona, koma sanandithandize. Pa YouTube a ku Britain akuti kumanzere, a ku America akuti kumanja.

Ndiye inu amene munayalapo njanji ziwiri, mumatsata dziko la injini kapena la kuno komwe tikukhala? Nanga ndikasankha kumanzere, mapointi (posinthira sitima kupita njanji ina) olumikiza njanji ziwirizi ndiwatembenuzenso, kapena angakhale mmene alilimu? Sindikhoma msomali wina mpaka ndimve kwa inu. Zikomo.