Mutu wa Chiyambi cha Dziko Ukungothera Mtsutso M'kalasi, Tiuphunzitse Bwanji?

A Phiri: Aphunzitsi anzanga, ndigawireni nzeru. Ndili pa anthu akale a ku Egypt ndi Mesopotamia, ndipo ndafika pa zomwe ankanena za chiyambi cha thambo ndi dziko. Ndikangotchula milungu yawo, Marduk wa ku Babylon kapena Atum wa ku Egypt, kalasi imagawika. Ena akuti "zachikunja izo sala", ena akundikakamiza ndinene kuti zoona ndi ziti. Belu limalira tikadali pa mtsutso wa mipingo, manotsi osalemba. Mutu umenewu mumaudutsa bwanji inu?

Mayi Nachisale: A Phiri, musayambe ndi nkhaniyo, yambani ndi chinthu chimene inalembedwapo. Ya ku Babylon ija, Enuma Elish, ili pa mapale 7 a dongo. Ine ndimatuma ana akatape dongo kudambo, aliyense aumbe kaphale kokwana pachikhatho, kenaka tisongole bango n'kumadinda. Dongo likauma kwambiri limang'aluka, likafewetsa zilembo zimatsekeka. Mwana akayesa kulemba chozungulira bango limakana, ndiye amadzionera yekha chifukwa chake zilembo zawo zinali timizere tosongoka. Manja ali matope choncho ndi pamene ndimawauza kuti zidutswa za mapalewo zinafukulidwa ku Nineveh, m'nyumba yosungira zolemba ya mfumu Ashurbanipal, ndipo George Smith wa ku British Museum anazitanthauzira n'kuzisindikiza mu 1876. Akafika pa nkhaniyo amakhala akuiona ngati umboni wa mbiri.

A Mwale: Dongo lili bwino Madamu, koma funso la "zoona ndi ziti" libwerabe. Ine ndimalilanda n'kuikapo langa: nkhaniyi inkapindulira ndani? Taonani mmene ikuyendera. Poyamba kuli madzi okhaokha, Apsu wa madzi abwino ndi Tiamat wa madzi a mchere, osakanikirana. Milungu ikubadwa, ikusokosa, nkhondo ikubuka. Marduk akuvomera kukamenyana ndi Tiamat, koma akuyamba wauza anzake kuti akapambana amulonge ufumu. Atamupha akung'amba mtembo pawiri, theka lina thambo, lina dziko, ndipo mitsinje ya Tigris ndi Euphrates ikutuluka m'maso mwake. Anthu akulengedwa ndi magazi a Kingu, mtsogoleri wa asilikali a Tiamat, kuti azigwira ntchito, milungu ipume. Pomaliza milungu ikumangira Marduk mzinda wa Babylon ndi kachisi wake Esagila, n'kumutamanda ndi mayina 50. Ndipo ankaiwerenga pa chikondwerero cha chaka chatsopano, Akitu. Ndikafika apa ndimafunsa kuti, mlimi wa ku Babylon akamva kuti analengedwera ntchito, ndiponso kuti mulungu wa mzinda wake ndiye mfumu ya milungu yonse, msonkho aukana? Ana ochenjera amaseka, ndipo mtsutso umasamukira ku ndale za mzindawo, komwe ine ndimaufuna.

A Banda: Ku Egypt n'kosavuta, mtsinje umakuphunzitsirani. Nile ankasefukira chaka ndi chaka, madzi akamaphwa timitunda ta matope tinkayamba kuoneka. Nkhani yawo nayo ikuti kunali madzi opanda malire, Nun, kenaka mtunda unatuluka, Atum mulungu wolenga ali pamenepo. Jambulani pabolodi: Geb wagona pansi, ndiye dziko, Nut wawerama pamwamba pake, thupi lodzaza nyenyezi, zala zam'manja ndi zakumapazi zikugunda pansi, Shu, mpweya, waima pakati wamunyamula. Madzulo Nut amameza dzuwa, m'mawa amalibereka. Ana amadabwa kuti thambo ndi mkazi, dziko mwamuna. Zina mwa zimenezi zili kale m'malemba osemedwa m'kati mwa piramidi ya mfumu Unas ku Saqqara, zaka zoposa 2,300 Yesu asanabadwe.

A Phiri: Nanga Ptah ndimuike pati? Buku lina likuti ndiye analenga.

A Banda: Onse awiri alipo achimwene. Atum ndi wa ansembe a ku Heliopolis, Ptah wa ku Memphis. A ku Memphis ankati Ptah anaganiza mumtima n'kulankhula ndi lilime, zinthu n'kukhalapo. Zili pa mwala wa mfumu Shabaka, wa zaka za m'ma 700 Yesu asanabadwe. Pakati pake panafufutika chifukwa anthu ena pambuyo pake ankaperapo, ndipo pano uli ku London. Auzeni anawo kuti dziko limodzi linkasunga nkhani zingapo, mzinda uliwonse ukukweza mulungu wake.

Mayi Nabanda: Ine ndimaphunzitsa Bible Knowledge, ndiye mundilole ndichenjeze. Zolenga ndi mawu zija, komanso madzi ogawidwa pamwamba ndi pansi, mwana aliyense wa Sande sukulu azilumikiza ndi Genesis musanamalize chiganizo. Musamutsekereze, koma musagamule kuti uyu anakopera uyu. Zimene mungaime nazo n'zoti anthu a ku Yuda anatengedwa ukapolo ku Babylon m'zaka za m'ma 500 Yesu asanabadwe, ndiye anthuwa ankadziwana. Kusiyana nakonso n'kwakukulu: mu Genesis 1 mulibe nkhondo ya milungu, ndipo munthu sanalengedwe kuti apumitse wina. Ngati sukulu yanu ndi ya mishoni, adziwitseniko a hedi musanalowe m'kalasi. Kholo likabwera ndi nkhani yopotoka, apeze akudziwa kale.

A Mwale: Zoona Madamu, koma tisaope mpaka kulumpha mutu. Ndaonapo anzathu akungolembetsa mayina a milungu pabolodi, ana aloweze, basi. Pamayeso mwana wotere amasokoneza Nun ndi Nut.

Mayi Nachisale: China, apatseni ntchito yakunyumba akafunse agogo za Kaphirintiwa, ku Dzalanyama kuja, kumene amati anthu oyamba anatsika ndi mvula n'kusiya mapazi pamwala ukadali wofewa. Abwera ndi nkhani zosafanana: wina kangaude amene anakweza Chauta kumwamba moto utabuka, wina birimankhwe. Pamenepo mwapeza poyambira kufotokoza kusiyana kwa mbiri yapakamwa ndi yolembedwa, zomwe tiyenera kuphunzitsa ndithu.

A Phiri: Ndamva. Ndigawa pawiri: piriyodi yoyamba dongo ndi Babylon, ndi funso la a Mwale lija, yachiwiri chithunzi cha Nut, Ptah ndi za agogo. A hedi ndiwaona mawa. Koma Madamu Nachisale, ana anga ndi ambiri, dongo m'kalasi si chipwirikiti?

Mayi Nachisale: Chitirani panja pansi pa mtengo, m'magulu, gulu lililonse ndi ndowa yamadzi ndi mtsogoleri wake. Mabango musongole nokha kunyumba, mipeni isabwere kusukulu. Mapalewo muyanike pamthunzi, padzuwa amasweka.