Mawu aatali a Chingerezi akundivuta kuraima

Chala_pa_gitala:
Abale ndithandizeni. Ndikulemba nyimbo ya Chingerezi, vesi yoyamba yatheka bwinobwino koma mu kolasi mzere wina ukuthera pa "opportunity" ndipo masiku atatu tsopano ndikungolemba kufufuta, kulemba kufufuta, pepala mpaka labooka. Pa Chichewa zimayenda zokha poti mawu onse amathera pa a e i o u, nanga aatali a Chingereziwa anzanga mumatani nawo?

Mlembi88:
Akulu, musamalimbane ndi liwu lonse. Pa Chingerezi raimu imayambira pa phatikizo lomwe latsindikidwa kukafika kumapeto, zakumayambirirozo zilibe ntchito. Tatchulani pang'onopang'ono, opporTUnity, mwamva pomwe likugunda? Ndiye mukungofuna zomveka choncho: unity, community, immunity. Chimodzimodzi imagiNAtion, tengani nation, station, conversation basi. Vuto ifeyo tinazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndiye timakaika mphamvu pomwepo ngakhale pa Chingerezi, kenako n'kumadabwa kuti bwanji sizikugwirana.

Nambewe_woimba:
Zoona zimenezo, koma kumbukiraninso kuti nyimbo ndi ya khutu, si ya maso. Ngati "-ty" wakumapetoyo akugwera pa noti yaitali, free, see kapena me zikwana ndithu. Komanso palibe lamulo loti liwu limodzi liyankhidwe ndi liwu limodzi, mutha kulumikiza timawu tating'ono titatu, mwachitsanzo "you and me". Tayimbani, opportunity, you and me, mumve mmene u uja ndi i wakumapeto akukumanirana. Oimba rap amachita zimenezi kwambiri. Ine ndimatsegula biti, ndikung'ung'udza mavawelo okha opanda mawu, ndikudzijambula pa foni, pomvera m'pamene mawu oyenera amatulukira.

BassMan:
RhymeZone, webusaiti yofufuzira mawu oraima, imathandiza mukakanirira, ili ndi mbali ya near rhymes, mawu ongomveka mofananirako, yomwe ndimaikonda kuposa ya mawu oraima ndendende. Chonde kokha achimwene, musakakamize "immunity" mu nyimbo yachikondi chifukwa choti yaraima, omvera amadziwa kuti apa munthu anasowa chonena. Likakana liwulo lisunthireni pakati pa mzere, kumapeto muike lalifupi losavuta.

Chala_pa_gitala:
Achemwali a Nambewe mwandiombola, nyimboyo ndi yachikondidi ndipo "you and me" yalowa ngati inali pomwepo kale. Ndangoyesa pa gitala pompano, kolasi yatha. Zikomo nonse.