Tizipatso tachikasu kuseri kwa nyumba: kodi n'toopsa kwa ana?

Mayi wa ku Zomba: Tangosamukira m'nyumba ya lendi, ndipo kuseri kwake kuli mtengo umene wayoyola masamba onse koma watsala ndi tizipatso tachikasu, tozungulira, tokhwinyata, tolendewera m'magulumagulu. Dzulo ndinapeza mwana wanga wa zaka 3 atatidzaza m'thumba la kabudula. Kodi ndi mtengo wanji?

Mlimi wa mitengo: Mayi, mmene mwafotokozeramo, umenewo ndi indiya, umene akatswiri amautcha Melia azedarach. Ambiri amausokoneza ndi nimu, koma nimu ali ndi maluwa oyera ndi zipatso zotalikirapo, pamene indiya maluwa ake ndi apepo. Zipatso za indiya zili ndi poizoni amene amasanzitsa, kutsegula m'mimba ndi kufooketsa thupi, ndipo mwana akadya zambiri angathe kukomoka.

Agogo a ku Dedza: Musanyengedwe poona mbalame zikudya, mwanangu, chifukwa mimba ya mbalame si ya munthu. Muzisesa pansipo m'mawa uliwonse ana asanatuluke.

Namwino wopuma: Ngati mukukayikira kuti wameza, musamusanzitse ndi chala kapena madzi amchere, thamangirani naye kuchipatala mutatenga kanthambi kokhala ndi zipatsozo kuti adokotala akaone.