Kodi tingadziwe bwanji mmene phungu wathu amavotera?

Abale, ndithandizeni nzeru. Phungu wa dera lathu analowa m'Nyumba ya Malamulo ngati woima payekha, koma posakhalitsa anakakhala mbali ya boma osatifunsa ife amene tinamuvotera. Ndikufuna ndidziwe zimene wakhala akuyankhula ndi mmene wakhala akuvotera, makamaka pa bajeti ndi ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu), poti mjigo wa pasukulu yathu ukadali wothyoka chogwirira, ana akutunga madzi kudambo.

Zokambirana za aphungu zimalembedwa mu Hansard. Kodi imapezeka pa intaneti, kapena mpaka kupita ku Lilongwe? Nanga akavota ndi mawu chabe, dzina la phungu aliyense limalembedwa? Komanso gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, lonena za aphungu osintha chipani, limakhudzanso oima paokha? Amene mukudziwa, chonde ndiuzeni poyambira.